d – s – r': zomwe chimbale cha Synchronicity chandimasulira pa gitala

Anzanga a gitala, mtima wanga wakhala pansi tsopano. Kodi ija ya add9 imene ndakhala ndikuigwira mokakamizika, zala zitatambasuka mpaka mkono kuwawa, ndaimvetsa. Kuigwira bwino ndiye ayi, kachala kakumapeto kakadanjenjemera pa freti ya 9. Koma ndadziwa mmene inamangidwira komanso chifukwa chake imamveka momwe imamvekeramo, ndipo chandithandiza ndi chimbale cha mu 1983, Synchronicity, chachisanu komanso chomaliza cha gulu la The Police.

Za 1-6-4-5, makodi aja oyambira pa d, l, f ndi s, sindinena, nonse mumazidziwa. Aliyense amene anakhalapo pa kiyibodi kutchalitchi kapena kuperekeza kwaya ya achinyamata wadutsamo kambirimbiri. Nyimbo yotchuka kwambiri pa chimbalechi, "Every Breath You Take", imayenda pa makodi anayi omwewo. Pa chimbale imamveka mu A flat, koma ambirife timaiphunzira mu A, ndiye tinene kuti A, F sharp minor, D, E. Palibe chachilendo. Ngakhale Sting, woyimba wa gululi amene anaipeka, anavomera yekha kuti mayendedwe ake ndi wamba, ofanana ndi a nyimbo zina zambirimbiri. Chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti ndikaliza ine makodi anayiwa imatuluka kolasi ya Lamlungu m'mawa, koma akaliza Andy Summers, wa gitala wa gululi, thupi limachita tsemwe. Makodi ndi omwewo, dongosolo ndi lomwelo. Nanga kusiyana kukuchokera kuti?

Mukafunsa pa intaneti akuyankhani kuti ndi add9, n'kukupatsani chithunzi cha zala: freti 5 pa nsambo yaikulu, 7 pa yotsatira, 9 pa yachitatu, 6 pa yachinayi. Mumaloweza chithunzicho, kenako china cha F sharp minor, china cha D, china cha E. Zithunzi zinayi zosagwirizana m'mutu. Woyimba akangoti titsitseko kiyi, zonse mbwee, muyambirenso kuwerenga mafreti.

Ine ndinaika gitala pambali n'kuyimba manotiwo pakamwa, mu solofa yomwe ija ya kukwaya. Kodi yoyamba inatuluka chonchi: d, s, r'. Ndinabwereza kangapo, ndipo apo m'pamene zinatseguka. Kuchoka pa d kufika pa s ndi fifth. Kuchoka pa s kufika pa r' ndi fifth ina. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo. Munthuyu akukwera fifth, akafika pamenepo n'kukweranso fifth ina. Ninth ya mu add9 imene ndinkaiopa ija ndi fifth ya fifth.

Mwina ena mwa inu mukuseka kuti zimenezi ndi za mu Sitandade 1. Sekani, koma tayimbani bar yonse kaye: d s r' s m' r' s r'. Manoti asanu ndi atatu. Werengani kuti m' akubwera kangati. Kamodzi kokha, pakati penipeni, pa biti yachitatu, n'kuchoka nthawi yomweyo. Tonse tikudziwa kuti third, m' ameneyu, ndi amene amauza khutu kuti kodi iyi ndi yosangalala kapena yachisoni. Ife kutchalitchi timamuika pena paliponse, dzanja lamanzere, dzanja lamanja, mawu a alto, mpaka kodi imasefukira. Summers akumuthira ngati mchere wa m'ndiwo, kachala kamodzi, ndipo nthawi yotsalayo khutu likungoyandama pa d, s ndi r' osadziwa kuti lisangalale kapena lide nkhawa.

Tsopano pitani pa kodi yachiwiri, ya 6. Makwerero ndi omwewo, angoyambira pena: l, m, t. Third wake ndi d'. Apa ndiye pali mbola ya nyimbo yonse, chifukwa t ndi d' ndi oyandikana, semitone imodzi yokha, ndipo akulira motsatizana, wina asanazimiririke mnzake wafika. Kukhulana kumeneko ndi kumene kumachititsa tsemwe lija. Pa kodi yoyamba r' ndi m' atalikirana ndi tone yathunthu, kotero ndi zofewa. Pa yachiwiri mpata wachepa, ndiye khutu limamva kuti china chake chafinyidwa, ngakhale womvera sadziwa dzina la noti ndi imodzi yomwe. Ndabwereza malo amenewa mpaka a m'nyumba muno atopa nane.

Pa 4 ndi pa 5 ndiye wachita kumuchotseratu third. f, d', s' pa D, kenako s, r', l' pa E. Mabuku a makodi amalemba sus2 pamenepa, dzina lina, ngati kuti ndi chinthu china. Ndi chinthu chomwecho. Ndipo taonani chimene chikuchitika pa kodi ya 5. Pa kiyibodi tikafika pa 5 timadalira t, amene amakokera khutu kubwerera kwawo kwa d. Apa t mulibe. Kodi ya 5 ilipo koma siikukoka mwamphamvu, ikungoima. M'ndime yoyamba, pamene khutu likudikira kubwerera pa 1, nyimbo imagwera pa 6, pa kukhulana kuja. M'ndime yachiwiri m'pamene imafika pa 1. Nyimbo imene anthu amavina pa maukwati iyi, Sting wanena kangapo kuti ndi ya nsanje ndi kulondalonda munthu, osati ya chikondi chokoma ayi. Kale ndinkaganiza kuti zimenezo zili m'mawu okha. Panopa ndikuzimva m'gitala, mawu asanayambe n'komwe.

Chimene chinandidzutsa pa mpando ndi ichi. Lembani manoti onse asanu ndi awiri motsata ma fifth: f, d, s, r, l, m, t. Ndi sikelo yathu yomwe ija, yangofoledwa mwa mtundu wina. Tengani atatu alionse oyandikana, mwapeza kodi ya Summers. f-d-s ndi 4. d-s-r ndi 1. s-r-l ndi 5. l-m-t ndi 6. Zithunzi zinayi zija zasanduka mzere umodzi umene ukungosuntha. Ndipo mzerewu ukukuuzaninso pamene muyenera kulekera: mukayambira pa m mupeza m-t-fe, mwatuluka mu kiyi. Ndiye mu kiyi iliyonse muli malo asanu okha oyambira. Anayi ndi amenewo. Achisanu ndi r-l-m, ndipo momwe khutu langa likumvera, akubwera m'gawo lija nyimbo imakwera kupita pa B isanatsikire pa E, atanyamula fe ngati third wake. Onse asanu alimo. Sindikunena kuti Summers anakhala pansi n'kuwerenga chonchi. Koma ine kuyambira tsiku limenelo sindiwerenganso mafreti, ndimangofunsa kuti ndayambira pa noti iti ya mzerewo.

Ngakhale kuwawa kwa mkono kuli ndi chifukwa chake. Nsambo zinayi zazikulu za gitala timazichuna mu ma fourth, ndiye fifth iliyonse imadya mafreti awiri ukamawolokera pa nsambo yotsatira. Ma fifth awiri, mafreti anayi, kuchoka pa 5 kufika pa 9. Vayolini amaichuna mu ma fifth, G, D, A, E, moti chimene ife timatambasulira dzanja lonse, iwo amangodutsa pa nsambo zitatu zosagwira. Ndikutchula vayolini chifukwa Summers mwini wake anafotokoza kuti nthawi imeneyo ankayeserera pa gitala nyimbo za mavayolini awiri za Béla Bartók wa ku Hungary, pamene ankagwira ntchito ndi mnzake wa gitala Robert Fripp, amene anatulutsa naye chimbale mu 1982. Kulumikiza machunidwe a vayolini ndi kodi imeneyi ndi maganizo anga, musati ananena ndi iye. Koma munthu ameneyu sanali mnyamata wa makodi atatu. Anabadwa mu 1942, wamkulu ndi zaka pafupifupi 10 kwa Sting ndi Stewart Copeland wa ng'oma, anali atayimba kale ndi Zoot Money komanso Eric Burdon m'zaka za m'ma 1960, ndipo anakaphunzira gitala ya classical ku California asanabwerere ku London. Gulu linayamba mu 1977, nyengo ya punk, pamene kudziwa nyimbo kwambiri kunali ngati mlandu. Mukabwerera ku "Message in a Bottle" ya mu 1979 mupeza makwerero omwewa a ma fifth awiri, kungoti kumeneko akuthamanga. Chizolowezicho anali nacho kale. Pa chimbale chomalizachi anangochichepetsa liwiro mpaka noti iliyonse kumveka payokha.

Nkhani ya mmene anajambulira nayo inandithandiza kumvetsa. Anayamba mu Disembala 1982 ku AIR Studios pa chilumba cha Montserrat ku Caribbean, situdiyo ya George Martin uja wa The Beatles, n'kukamalizira ku Le Studio ku Quebec m'dziko la Canada. Wojambula anali Hugh Padgham, yemwe anagwira nawonso chimbale cha mu 1981, Ghost in the Machine. Anthu atatuwa ankayimba m'zipinda zitatu zosiyana: Copeland ndi ng'oma zake m'chipinda chodyera, Sting ndi besi m'chipinda cha makina, Summers mu situdiyo mwenimwenimo. Padgham ankati kutero kunkathandiza kuti chida chilichonse chimveke bwino, komanso sanabise kuti anthuwo sankamwerana madzi, makamaka Sting ndi Copeland. Nyimbo imene ndikukambayi Sting anabwera nayo ili ndi organ, ndipo anavutana nayo kwa nthawi osagwirizana kuti ng'oma ndi besi ziyende bwanji. Malinga ndi Summers, atauzidwa kuti alowe aikemo zake, analiza gawo lonse la gitala ulendo umodzi. Ng'omazo sizinalizidwe pamodzi monga timachitira pa siteji, anazijambula chidutswa chidutswa. Copeland, munthu amene m'zimbale zoyamba manja ake sakhala chete pa hi-hat, apa akungomenya biti yowongoka osakometsera. Situdiyo ya ku Montserrat ija inatsekedwa mphepo yamkuntho ya Hugo itawononga chilumbacho mu 1989, ndipo kuyambira 1995 phiri la Soufrière Hills linayamba kuphulika n'kukwirira tawuni ya Plymouth. Izi sizikukhudza makodi, koma ndinaziwerenga usiku womwewo ndipo zinandikhala m'mutu.

Tsopano njira yanga, imene ndikufuna aliyense ayese. Tsegulani nyimbo pa YouTube, tsitsani liwiro kufika pa 0.5. Gitala ikhale m'chikwama, musaikhudze. Pezani d ndi pakamwa. Yimbani bar imodzi yokha mu solofa mpaka muthe kuiyimba nyimbo itazimitsidwa. Lembani m'kope. Mukatero kwezani liwiro pa 0.75, yimbaninso. Gitala muitenge pomalizira penipeni, ndipo mudzaona kuti zala zikupeza zokha malo, chifukwa mutu ukudziwa kale kumene ukupita. Ine ndikukhulupirira kuti palibe nyimbo imene ingakane njira imeneyi. Ma tab, manambala aja a mafreti oti mugwire, atayeni. Mavidiyo aja oonetsa zala pafupi, atayeni. Munthu amene wakula akuyimba solofa kukwaya ali ndi chida chimene anzathu ambiri akunja amachita kulipira sukulu kuti achipeze, koma ife timachisiya pakhomo la tchalitchi tikamapita kokaphunzira gitala. Mnzanga wina wa besi akuti ndikukokomeza, akuti khutu lake limagwira bwino popanda kutchula d kapena s. Mwina. Koma nditamufunsa chifukwa chimene kodi yachiwiri ija imawawira, anangoti ndi minor. Minor zilipo zambiri, bwanji zinazo sizichita tsemwe?

Apa ndiye pamene pamandipsetsa mtima. Amene anandiyambitsa gitala ndi bambo aulemu wawo, oyimba bwino kuposa mmene ine ndidzayimbire, ndipo sindikufuna kuwanyoza. Koma kaphunzitsidwe kawo kanali ka gwira apa, gwira apa, menya. Ukafunsa kuti bambo, chifukwa chiyani chala ichi chili apa, yankho linali lakuti uzidziwa ukakula m'nyimbo. Tsiku lina ndinawafunsa ngati solofa ingathandize pa gitala, anaseka n'kunena kuti zimenezo ndi za amayi a kwaya. Mbali inayi, aphunzitsi a kwaya amene anandiphunzitsa solofa sanatiuzepo kuti d, m, s amene soprano, alto ndi tenor akuyimba pamodzi ndi kodi yomwe ija mnyamata wa kiyibodi akugwira pakona. Anthu awiri m'tchalitchi chimodzi, aliyense atanyamula theka la nkhani, osakumana. Ku pulayimale, nthawi ya Expressive Arts kwathu inkathera kusesa pabwalo kapena kumaliza masamu. Ndiye munthu umafika msinkhu uno, ndevu zili pakamwa, n'kumadzidzimuka ndi f-d-s-r-l-m-t, chinthu choti akanatha kutilembera pa bolodi tili ana.

Nthawinso ndi imene palibe. Kuweruka kuntchito, kulimbana ndi minibasi, kufika kunyumba kwada, magetsi mwina alipo mwina palibe, foni ili ndi chaji chochepa, bandulo ikutha. Njira yangayi, ndivomere, imadya nthawi ndi bandulo yomwe, chifukwa bar imodzi umaibwereza mpaka kutopa. Ana akagona m'pamene umapeza kamphindi, koma pamenepo sungalize mokweza. Mwayi wake gawo limeneli Summers analiza atatsamiritsa chikhatho pa nsambo kuti zisalire kwambiri, ndiye ndi nyimbo yabwino kuphunzira usiku. Komabe ndimawerenga kuti anthu awa anatulutsa zimbale zisanu pakati pa 1978 ndi 1983, uku akuzungulira dziko lonse, ine n'kumalimbana ndi ma bar asanu ndi atatu.

Nditamvetsa kodi ija ndinabwerera kukamvera chimbale chonse ndi khutu latsopano, ndipo ndinaona kuti chili pawiri. Mbali yoyamba ya mbale ndi yaphokoso ndi yosakhazikika. "Synchronicity I" imathamanga pa makina obwereza manoti, ndipo mukaiwerenga bwino ikuyenda mu zisanu ndi chimodzi. "Mother", imene analemba ndi kuyimba Summers, imawerengedwa mu zisanu ndi ziwiri, ndipo munthuyo akuchita kukuwa. Anthu ambiri amaidumpha, inenso ndimaidumpha, ngakhale ndimachita manyazi pang'ono popeza ndi ya munthu yemwe ndakhala ndikumutamanda pamwambapa. "Miss Gradenko" ndi ya Copeland, yaifupi. Dzina la chimbale Sting analitenga ku maganizo a Carl Jung, katswiri wa kaganizidwe ka anthu, kudzera m'buku la Arthur Koestler, nkhani ya zinthu ziwiri zochitika nthawi imodzi zooneka zolumikizana popanda china kuchititsa chinzake, ndipo "Synchronicity II" ndi imene imaisewera nkhaniyo poyera: bambo wotopa ndi banja ndi ntchito mbali ino, chinthu chikutuluka m'nyanja ya ku Scotland mbali inayo. Ndi nyimbo yabwino, koma si imene ndinabwerera.

Mbali yachiwiri ndiyo sukulu yanga. Nyimbo zinayi zotsatizana, ndipo iliyonse ikuchita ndi zida zonse chimene kodi ija ikuchita ndi manoti. "King of Pain" imayamba ndi piyano ndi mawu, pafupifupi popanda china, ndipo ng'oma zenizeni zimachedwa kulowa moti zikafika umachita kuweramuka. "Wrapped Around Your Finger" ili ndi mipata yoti galimoto n'kudutsa, besi ikunena pang'ono n'kukhala chete, Copeland akuponya timikwapulo apa ndi apo. "Tea in the Sahara" ndiye gitala yake simveka n'komwe ngati gitala, manoti alibe poyambira, amangotulukira n'kuzimiririka. Pa Ghost in the Machine anadzaza malipenga ndi ma synthesizer mpaka Summers kudandaula kuti gitala ikusowa malo. Apa anachotsa. Ambiri amalemba kuti pa chimbale ichi The Police inasiya reggae imene inkamveka kwambiri m'zimbale zoyamba, ndipo n'zoona kuti kukhwatcha kuja kwa pa offbeat kwachepa. Koma ife amene tinakula ndi reggae ya ku Chileka m'makutu tikudziwa kuti chamba chimenechi mphamvu yake ili pa biti imene woyimba ng'oma sanamenye. Chimenecho sanachisiye. Anavula malaya a reggae okha.

Pali malo amodzi mu "Every Breath You Take" pamene zonse ndanenazi zimathyoka, ndipo ndimawakonda. Pakati pa nyimbo amachoka mu kiyi n'kugwera pa F, kenako G, makodi awiri amene mu A mulibe. Chikhatho chija chimachoka pa nsambo, gitala imalira momasuka, piyano imalowa, mawu a Sting amakwera. Munthu amene wakhala akudzigwira nyimbo yonse uja wataya mtima kwa kanthawi. Kenako F imabwerera pa A, timanoti tija tayambiranso d s r' s m', ngati palibe chachitika. Zikanakhala kuti ndime zoyamba zinali zodzaza kale, malo amenewa sakanamveka. Ndayesa kuliza ndime ndi makodi athunthu a pa freti yoyamba kuti ndione, ndipo F ija ikafika imangokhala kodi ina basi.

Za kutchuka kwake ndingodutsamo. Chimbalechi chinatuluka mu Juni 1983, chinakhala pa nambala 1 ku America masabata 17, chaka chomwe Thriller ya Michael Jackson inkalamulira, ndipo "Every Breath You Take" inakhala pa nambala 1 masabata 8 kumeneko ndi masabata 4 ku Britain. Pa mphoto za Grammy za mu 1984 inatenga Song of the Year, ngakhale mphoto ya chimbale cha chaka inapita kwa Thriller. Mu Ogasiti 1983 anayimba ku Shea Stadium ku New York pamaso pa anthu pafupifupi 70,000, ndipo Sting anadzanena pambuyo pake kuti pamenepo m'pamene anaona kuti palibenso phiri lina loti akwere ndi gululi. Ulendo unathera ku Melbourne mu Malichi 1984. Mu 1986 anayesa kubwerera mu situdiyo, koma Copeland anagwa pa hatchi n'kuthyoka fupa la paphewa, ndipo chimene chinatuluka ndi nyimbo yakale yojambulidwanso. Anadzakumananso pa siteji mu 2007 ndi 2008, koma chimbale china sichinabwere.

Chimene chikundivutitsa maganizo monga wophunzira ndi china. Pa pepala, wopeka "Every Breath You Take" ndi Sting yekha. Mu 1997 Puff Daddy atatenga nyimboyi n'kupangira ina yolira Notorious B.I.G., chimene aliyense amachizindikira nyimboyo ikangoyamba ndi gitala ija, d s r' s m', koma dzina la Summers silinali pa opeka. Mu 2025 Summers ndi Copeland anakasuma ku khoti ku London pa nkhani ya ndalama za nyimbo za gululi. Sindine woweruza, ndipo mawu ndi mayimbidwe a pakamwa ndi a Sting, palibe akutsutsa. Koma chinthu chimene ndathera mausiku ndikuchiphunzira, chimene chasintha 1-6-4-5 wamba kukhala nyimbo imene BMI, bungwe la ku America lotolera ndalama za opeka nyimbo, inalengeza mu 2019 kuti ndi yoseweredwa kwambiri pa wayilesi mwa nyimbo zonse za m'kaundula wake, chimawerengedwa ngati kukometsera chabe. Anzanga amene mumalizira anthu gitala m'masitudiyo a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, amene mumalandira yanu ya tsikulo n'kumapita, mumaiona bwanji nkhaniyi? Kaliki kamene mwaika pa intro, kamene anthu amaimba ndi mluzu mu minibasi, ndi kupeka kapena ndi kuperekeza?

Ndayamba kuyesa ma fifth awiriwa pa makolasi athu. Pa nyimbo zodekha zikukoma, makamaka kiyibodi ikavomera kusiya third kwa oyimba pakamwa. Pa nyimbo zovina, zimene gitala imayenera kuyankhana ndi ng'oma mwachangu, zikumveka zachilendo, ndipo mtsogoleri wa gulu lathu anandiyang'ana kawiri Lamlungu lapitali. N'kutheka kuti kuzizira kumene ndikukusirira pa chimbalechi n'kosayenera pa nyimbo yoyamika, pamene anthu akufuna kodi yodzaza yoti aitsamire. Kapena ndi ine amene sindinadziwe poika.

Ndipo "Tea in the Sahara" ikundikanika. Ndaitsitsa pa 0.5, ndayimba besi yake mu solofa bwinobwino, koma gitala ija ndikati ndiitchule dzina la noti, yasungunuka kale. Ndinanena pamwambapa kuti palibe nyimbo ingakane njira yanga, ndipo sindikubweza mawu, mwina khutu langa ndi limene silinakhwime. Komanso pena ndimadzifunsa ngati mipata yonseyi ya mbali yachiwiri inali nzeru imene anthu atatu anagwirizana, kapena ndi mmene nyimbo zimamvekera basi oyimba akakhala m'zipinda zitatu osafuna kuonana. Ngati ndi chachiwirichi, sindikudziwa kuti munthu angachiphunzire bwanji pa kope. Amene mwaiyesapo nyimbo imeneyi, gitala yake mumaiwerenga kuchokera pati?